Si Ameneyu!

A Lameck anafika ku Sadzi Lachinayi masana thukuta lili kamukamu, chikwama cha kamera chili lendelende paphewa. Njinga anangoigwetsa pa kapinga, analibe nthawi yoiimika. Bambo amenewa ankajambula maukwati ndi zinkhoswe mu Zomba monse, ndipo anthu a ku Chikanda, kumene kunali kanyumba kawo kojambulira, ankati ngakhale mvula siwathamangitsa. Koma tsiku limeneli anali wefuwefu.

"Odi kuno! Mayi, mwana wanu wa kompyuta uja alipo? Zandivuta ine."

Mayi ake a Tusekile anasiya zovala zimene ankayanika n'kuwapatsa mpando pakhonde. Tusekile anatuluka akadali mu yunifolomu, chinangwa chootcha chili kumanja. Anali mtsikana wa Fomu 3, wamtali, woyankhula mosadodoma.

"Mwaswera bwanji, ankolo? Kwagwanji?"

"Felix wandithawa," anatero a Lameck akudzipukuta kumaso. "Mnyamata amene amandikonzera ma DVD uja. Wapeza ntchito ku Blantyre, wapita dzana osatsanzika n'komwe. Ndiye ine ndili ndi chinkhoswe cha Stafford ndi Ellah chimene ndinajambula ku Mbedza sabata yatha. Achibale akufuna kuonera Loweruka lino. Koma chachikulu si chimenecho ayi. Lolemba m'mamawa a Justus, atsibweni ake a mnyamatayo, anyamula disiki imodzi kupita nayo ku Mwanza kwa mayi ake a Stafford. Mayiwo anafa ziwalo mbali imodzi, kuchinkhoswe sanabwere, ndipo mpongozi wawo sanamuonepo ndi maso. Akamuonera pa DVD yomweyi."

Tusekile analuma chinangwa chake, n'kutafuna mosafulumira.

"Ankolo, zimenezo ndiye mwatuluka nazo thukuta lonseli? Bweretsani kuno. Mawa lomweli ikhala itapsa."

"Ukutha ndithu iwe? Anthu ake ndi aulemu wawo amenewa."

"Funsani a kwaya ya kumpingo kwathu. Yawo ija anakonza ndani?"

A Lameck anayang'ana mayi ake, mayiwo anangomwetulira. Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa kafulashi momwe munali kanema yense wa chinkhoswe, pamodzi ndi madisiki khumi ndi awiri opanda kanthu. Khumi anali a achibale, awiriwo anali ongoyembekezera ngati ina itavuta. Anadzutsa njinga yawo, ndipo ulendo uno anapita akuiyendetsa pang'onopang'ono ngati kale.

Tinene zoona, mtsikanayu sankanama. Ntchitoyi ankaitha. Bambo ake, a ku Karonga amene ankagwira ntchito m'boma, anagula kompyuta yakale kuti ana azilembera za kusukulu. Wophunzira wina wa kukoleji amene ankachita lendi kuseri kwa nyumba yawo ndi amene anamuonetsa Tusekile pulogalamu yokonzera ma DVD, ndipo pasanathe mwezi wophunzitsidwayo anali atamupitirira mphunzitsi wake. Kusukulu anzake ankamutcha Injiniya, iye n'kumavomera dzinalo ndi manja awiri. Vuto lake linali limodzi: ankadziwa kuti ndi dolo, ndipo sankafuna kuti munthu aiwale.

Lachisanu atangoweruka anakhala pa kompyuta ija kuchipinda chochezera. Kulowetsa kanema mu pulogalamu sinali nkhani. Ntchito imene iye ankaikonda inali yokonza menyu, tsamba loyamba lija limene limabwera munthu akangoika disiki, lokhala ndi chithunzi, mayina ndi mabatani osankhira. Ankati nkhope ya DVD ndi imeneyo. Kumbuyo kwake anaika chithunzi chimene anajambula yekha paulendo wa sukulu pamwamba pa phiri: damu la Mulunguzi, madzi ali bata, mitengo ya paini itazungulira. Pakati anaika chimtima chofiira. Chimene chinatsala chinali kupeza akwati oti alowe mumtimamo.

Kanemayo anali wa maola awiri ndi mphindi khumi. Tusekile anafwenthera m'mwamba. Chibadwire anali asanakhalepo pachinkhoswe kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ankati miyambo imeneyi ndi ya anthu opanda zochita. Choncho anagwira mausi n'kuyamba kukoka kanemayo mothamanga. Ukamakoka choncho mawu samveka, anthu amangodumphadumpha pa sikirini. Anaona azimayi ndi atsikana onse atavala nsalu imodzi yobiriwira. Anaona akuluakulu akuimirira n'kukhala, pakamwa pakungoyenda. Kenako anaona azimayi akulowa ndi munthu wofunditsidwa chitenje kuyambira kumutu mpaka m'miyendo, ndipo mnyamata wa malaya obiriwira anaimirira n'kukavundukula.

"Eya, apa!" anatero Tusekile, n'kuimitsa.

Pansi pa chitenje chija panatuluka mtsikana wokongola zedi, khungu losalala, maso akuluakulu, akumwetulira mwamanyazi. Stafford anali akuseka, dzanja lili m'mwamba, anthu kumbuyo akugwa nalo phwete. Tusekile sanafunenso kuona zina. Anadula kachidutswa ka masekondi makumi awiri, anakaika mumtima muja, pansi pake n'kulemba ndi zilembo zagolide kuti STAFFORD NDI ELLAH. Anawonjezera kanyimbo kozizira, n'kukonza kuti kachidutswako kakatha kazibwerera poyamba, kazingozungulira mpaka munthu atadina batani.

Zigawo za kanema sanavutike nazo. Anangouza pulogalamu kuti idule yokha mphindi khumi zilizonse. Pa tizithunzi ting'onoting'ono ta zigawozo anaona mayi wina wachitsikana wokhala ndi chipsera kumaso atakhala pafupi ndi Stafford. Anangoti mumtima, awa ayenera kukhala achemwali ake a mkwati kapena woperekeza, n'kupitirira.

Mayi ake analowa ndi lichero la nyemba n'kuima kumbuyo kwake.

"Zakongola. Koma waonera yonse?"

"Amayi, maola awiri! Ndizionera anthu akupatsana nkhuku?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana iwe."

"Nkhono ilibe kompyuta, amayi."

Mayiwo anapukusa mutu akuseka n'kutuluka. Tusekile anaika disiki yoyamba n'kudina batani lowotchera. Madisiki ake anali aja ongolemba kamodzi, osafufutika. Iye mwini ankakonda kuuza anzake mawu akuti chowotcha chawotcha. Pamene dzuwa linkabisala kuseri kwa phiri, madisiki khumi anali atasanjikizana patebulo. Anayesa imodzi pa wailesi yakanema ya pakhomo, menyu inabwera, kanyimbo kanalira, iye anazimitsa n'kupita kukasamba akuimba.

Loweruka anavala diresi lake labwino n'kupita yekha ku Mbedza, chifukwa a Lameck ankajambula ukwati wina m'mawa ndipo anati akakumana konko. Kunyumba kwa makolo ake a Ellah anapeza anthu atadzaza. Akuluakulu anali pamipando, azimayi pamphasa, ana atatsekereza mawindo kunja. Amene anamulandira pakhomo anali mayi wachitsikana uja wa pa kachithunzi. Chipsera chake chinayambira pa tsaya lamanzere n'kutsika mpaka m'khosi. Anamupezera pokhala, n'kumubweretsera thobwa atagwada.

"Ndinu a Tusekile? A Lameck akuti ndinu katswiri," anatero ndi mawu otsika. "Ine mtima uli dyokodyoko, ndikufuna ndidzione."

"Mudziona, anti, musadandaule. Aliyense alimo."

A Lameck anafika, anapereka moni, ndipo anamuonetsa Tusekile kwa anthu ngati mwana wawo. Bambo wina wa ndevu zaimvi, atavala jekete ngakhale kunkatentha, anagwedeza mutu. Amenewo ndiwo anali a Justus. Stafford anakhala pambali pawo. Tusekile anaimirira, anaika disiki m'makina ndi manja ake, n'kubwerera pampando atatukula mapewa.

Damu la Mulunguzi linabwera. Anthu anati, "Eee!" Chimtima chofiira chinabwera, kanyimbo kanayamba. Kenako chitenje chinavundukuka, mtsikana wa maso akuluakulu anamwetulira, ndipo pansi pake panawala zilembo zagolide.

Anthu anayang'anizana.

"Awo ndi anti Precious!" anafuula mwana wina pawindo. "Anti Precious akwatiwa ndi ankolo Stafford!"

Mtsikana wina amene anakhala pamphasa pafupi ndi khomo anadziphimba kumaso ndi manja, anadzuka n'kuthamangira kunja. Anali yemwe uja wa pa sikirini. Tusekile anayang'ana uku ndi uku, osamvetsa. Kachidutswa kaja kanatha, kanabwerera poyamba. Chitenje chinavundukukanso, Precious anamwetuliranso.

"Dinani ipitirire!" anatero a Lameck. "Rimoti ili kuti?"

Rimoti panalibe. Wina anati ana anaseweretsa m'mawa, wina anati ili pansi pa mpando. Batani la pamakina penipeni linali lothyoka kalekale. Anthu anayamba kutukula makushoni, ndipo chitenje chinavundukuka kachitatu, kenako kachinayi, kanyimbo kaja kakungolira kosatopa. Pomaliza Stafford anadzuka n'kuzula chingwe cha magetsi kukhoma.

"Kodi a Lameck," anatero a Justus pang'onopang'ono, "zimenezi ndi zimene ndikanyamule kupita nazo kwa mlongo wanga? Ndikamuuze kuti mpongozi wake ndi uyu?"

A Lameck anatembenukira kwa Tusekile. Tusekile anaona kuti adziteteze.

"Koma ndi amene anavundukulidwa! Ndinaona ndi maso anga, a Stafford anavundukula iwowo."

Mayi wina wonenepa amene anakhala kutsogolo anawomba m'manja kamodzi.

"Iii, koma ana a masiku ano! Iwe, pachinkhoswe woyamba kuvundukulidwa amakhala mkwatibwi? Timayamba tabweretsa ena, msuweni kapena mnzake, titawafunditsa, kuti tione ngati mnyamata akumudziwadi munthu wake. Precious ndi msuweni wa Ellah. Mkwatibwi ndi uyo wakupatsa thobwayo."

Tusekile anatembenuka. Mayi wachitsikana wa chipsera uja anali ataima pakhomo la kukhitchini, thireyi ili m'manja. Ellah anali ameneyo. Manyazi anamugwira Tusekile.

Anthu anayamba kuyankhula onse pamodzi. Ena ankadzudzula a Lameck, ena ankati ntchito ya akuluakulu sapatsa ana. Ellah anaika thireyi pansi.

"Musamukalipire mwanayu," anatero. Sanakweze mawu, koma onse anamva. "Si woyamba iyeyu. Ine ndi Precious tikamayenda ndi Stafford mumsewu, anthu amapatsa moni Precious kuti alamu. Ndinazolowera." Anayang'ana a Justus. "Atsibweni, ingoinyamulani mmene ililimu. Amayi akasangalale kaye, ine adzandiona nthawi yake ikakwana."

"Ellah, usayankhule choncho," anatero Stafford.

Koma Ellah anali atayamba kale kutolera makapu. Anatolera onse, ngakhale amene munali thobwa, n'kutuluka nawo kuseri.

Mawu okalipa aja Tusekile akanatha kuwapirira. Koma awa a Ellah anamulasa mumtima. Anakumbukira zimene anaganiza ataona kachithunzi kaja, ndipo anadziwa kuti sikunali kuthamanga kokha kumene kunamulakwitsa. Anali ataona nkhope ziwiri n'kusankha yekha yoyenera kukhala ya mkwatibwi. Anadzuka, anadutsa pakati pa anthu aja osayang'ana munthu, n'kupita kuseri. Anapeza Ellah atakhala pa kampando akutsuka makapu, misozi ikugwera m'beseni. Tusekile anagwada pa dothi, diresi labwino lija osalilabadira.

"Anti, ndalakwa ine. Kanema wanu sindinamuonere. Pepani."

Ellah anapitiriza kutsuka makapu.

"A Justus anyamuka Lolemba. Mawa lilipo lonse, madisiki awiri anatsala. Ndikonza, ndipo ndikutha. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Mubwere kwathu ku Sadzi mawa masana, chithunzi chake mudzasankhe nokha."

"Zithandiza chiyani?"

"Bwerani chabe, anti. Mukapanda kuikonda, mudzaithyole pomwepo ndi manja anu."

Ellah anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Dzuka, ukudetsa diresi," anatero.

Kunyumba mayi ake anamvetsera nkhani yonse. Za nkhono sanazitchulenso, ndipo zimenezo zinamupweteka Tusekile kuposa kukalipiridwa. Lamulungu anapita ku mapemphero oyambirira. Atabwerako anakhala pa kompyuta, anakweza mawu, manja anawapinda pachifuwa kuti asakhudze mausi, n'kuyamba kuonera kuchokera poyambirira penipeni.

Anamva ankhoswe akudziwitsana, aliyense akutchula kwawo ndi mfumu yake. Anamva mmene a Justus anayankhulira za mlongo wawo wodwala, kuti mtima wake uli pamwambowo ngakhale thupi lakana. Kenako azimayi analowa akuimba ndi munthu wofunditsidwa uja. Stafford anavundukula, Precious anamwetulira, ndipo Stafford anakweza dzanja n'kufuula akuseka:

"Si ameneyu!"

Tusekile anadzigwira pakamwa. Mawuwo analipo nthawi yonseyi, omveka bwinobwino, mkati mwenimweni mwa kachidutswa kamene iye anakaphimba ndi nyimbo.

Azimayi anabwerera, anabweranso ndi wina wofunditsidwa, wamfupi, woyenda mozyolika. Atavundukula anapeza ndi gogo wopanda mano akuphethira ngati namwali. Anthu anagwa ndi kuseka, Stafford anagwira mutu: "Agogo, pepani, si ameneyu!" Tusekile nayenso anaseka, yekhayekha m'nyumba.

Kachitatu azimayi analowa akuimba chapansipansi. Wofunditsidwayo anali akadali patali pamene Stafford anaimirira.

"Uyu ngakhale musandilole kuvundukula," anatero. "Ndamudziwa kayendedwe. Ndi ameneyu."

Anapita yekha kukamuchingamira, n'kutukula chitenje ndi manja awiri. Ellah anatulukira akuyang'ana molunjika ku kamera, nkhope yonse poyera, akuseka ndi misozi yomwe. Nthungululu zinang'amba denga. Tusekile anayang'ana nambala za pansi pa sikirini. Kuchokera pamene anaimitsa Lachisanu kufika apa panali mphindi zinayi zokha.

Anaonera mpaka kumapeto. Anaona a kuchimuna akupereka tambala, a kuchikazi akupereka thadzi. Anaona khasu, nkhwangwa, lichero ndi mthiko zikusinthana manja, ndipo anamva tanthauzo la chilichonse. Zigawo zodula zokha zija anazichotsa, popeza zina zinkadula munthu mawu ali m'kamwa. Anadula yekha pamene chinthu chayambira, chigawo chilichonse n'kuchipatsa dzina: Ankhoswe Adziwana, Kuvundukula, Tambala ndi Thadzi, Malangizo. Mayina a anthu amene sankawadziwa anawafunsa a Lameck pa foni ya mayi ake, ndipo kutsogolo kwa dzina lililonse la munthu wamkulu anaika "a".

Nthawi itakwana 3 koloko, Ellah anali asanafike. Tusekile anatuluka panja kawiri kukasuzumira kumsewu. Nkhungu inali itayamba kutsika m'phiri. Ulendo wachitatu anamuona akubwera yekha, atadzifunditsa mpango umene unaphimba tsaya lamanzere. Mayi ake a Tusekile anamulandira, anamupatsa tiyi, n'kuwasiya awiriwo pa kompyuta.

Tusekile anali atakonza zithunzi ziwiri. Choyamba anachitenga pa nthawi ya malangizo: Ellah atakhala chammbali, mbali ya kumanja yokha ikuoneka, chipsera osaoneka n'komwe. Chachiwiri chinali cha pamene chitenje chinatukulidwa.

"Ichi choyambachi chatuluka bwino kwambiri," anatero Tusekile mosamala. "Ndaganiza kuti mwina..."

"Mwina chibisa," anamumalizira Ellah, ndipo anaseka pang'ono. "Ndinapsa ndi koloboyi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndinkafuna kuthandiza amayi kuthira parafini. Chiyambire nthawi imeneyo pojambulitsa ndimakhala chammbali. Ngakhale chithunzi cha kusekondale ndinakhala choncho. Komano kanema ameneyu ine sindinamuone. Tandionetsa malo achiwiriwo, ndi mawu omwe."

Tusekile anadina. Azimayi analowa, Stafford anaimirira, mawu ake anamveka m'chipinda monse. Ellah anasendeza mpando pafupi ndi sikirini.

"Bwezeranso."

Tusekile anabwezera.

"Tsiku lija ndinali mkati mwa chitenje, mtima ukugunda, nyimbo zili m'makutu," anatero Ellah. "Sindinamve zimene ananena. Ndikumva lero."

Kenako anamasula mpango uja n'kuuika pamiyendo.

"Ika chimenechi. Amayi akandione mmene anandionera mwana wawo. Ndipo nyimbo yako ija uchotse, mawuwo azimveka."

Tusekile anadula kachidutswako kuyambira pamene Stafford anaimirira mpaka pa nthungululu, anakaika mumtima muja, nyimbo anaichotsa. Zala zake zinkathamanga ngati kale, pakuti luso linali lomwe lija. Atamaliza anayesa batani lililonse, limodzilimodzi, Ellah akuona. Kenako anaika disiki, n'kukankhira mausi kwa Ellah.

"Dinani inuyo apa, anti. Koma muganize kaye. Chowotcha chawotcha."

"Chiwotche," anatero Ellah, n'kudina.

Disiki itatuluka, Tusekile sanalole kuti ichoke pakhomo. Anaiika m'makina a pabalaza, ndipo iye, mayi ake ndi Ellah anaonera maola awiri ndi mphindi khumi zonse, osadumpha paliponse. Stafford anabwera kudzamutenga Ellah chakumadzulo, anaima pakhomo n'kuona menyu ija, ndipo anangoti, "Eya." Disiki anaikulunga mu envulopu n'kuiika m'thumba la mkati mwa jekete.

Lachitatu Tusekile akuchokera kusukulu anapeza njinga ya a Lameck itaimikidwa bwinobwino pa mtengo wa mapeyala. Eni ake anali pakhonde, ndipo pambali pawo panali Ellah, wopanda mpango.

"Yakana kusewera?" anafunsa Tusekile asanapereke n'komwe moni.

"Yasewera," anatero a Lameck. "Koma kanemayo sanamuonere tsiku loyamba."

"Chifukwa chiyani? Rimoti yasowanso?"

Ellah anaseka mpaka anagwira chipilala cha khonde.

"Rimoti inalipo. A Justus anaimba foni dzulo. Akuti atangoika disiki, amayi anauza ana kuti awasendezere pafupi ndi wailesi yakanema. Chitenje chinavundukuka, kachidutswa kanatha, kanayambiranso. Mlamu wanga anatenga rimoti kuti adine, amayi anamugwira ndi dzanja lawo labwino lija. Akuti masana onse inangozungulira pomwepo. Aliyense wolowa m'nyumba, amayi amamulozera."

"Amati chiyani?" anafunsa Tusekile.

Ellah anayang'ana pansi, anapukuta diso ndi chala, n'kudzutsa nkhope.

"Akuti amati, 'Musadine kaye. Ndi ameneyu.'"